Pulani ya injini ya bambo anga inali pa shelefu

Miyezi isanu ndi iwiri. Maulendo khumi ndi anayi a basi kuchoka pa Machipisa, pamsika wa kwathu ku Highfield, kupita m'tauni. Zonsezo chifukwa cha pepala limodzi limene ndinalipira tsiku loyamba lomwelo. Sitoloyo sindiitchula dzina. Inali ija yogulitsa zitsulo, mabawuti ndi tindege toseweretsa ana a azungu, ndipo anthu a ku Highfield amene munkagula misomali pa kawindo kake kakumbuyo mukuidziwa bwino.

Ine ndine Esinati, telala wa madiresi. Bambo anga anali a Wilisoni Jemusi. Anachoka ku Ntcheu wapansi ali achinyamata, n'kugwira ntchito zaka makumi atatu ku Lochinvar, kudepoti ya sitima za dziko lino, kuponya malasha m'moto wa sitima. Injini ankaidziwa ndi khutu. Ikadwala ankayamba kumva ndi iwo, dalaivala wachizungu asanadziwe kanthu. Koma kuiyendetsa sanaloledwe ngakhale tsiku limodzi.

Atapuma ntchito anamanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba. Anatenga miyendo ya makina anga akale osokera, n'kulumikiza ndi habu ya njinga, n'kupanga makina osemera chitsulo opalasa ndi phazi. Ankafuna kupanga kainjini ka nthunzi kokwana m'mbale yodyera. Ankati, "Aka ndidzakayendetsa ndekha, popanda wondiuza kuti tsika."

Zambiri anamaliza za m'mutu. Kathanki ka mkuwa kowiritsira madzi, pisitoni, gudumu. Chinawakanika ndi valavu, kachitsulo kamene kamalowetsa ndi kutulutsa nthunzi pa nthawi yake. Anasema katatu. Katatu konse nthunzi inkangoti fyuu, gudumu n'kugwedezeka pang'ono, n'kuima. Anati timabowo take timafuna miyeso yeniyeni, ndipo miyesoyo ili pa pulani. Nambala ya pulaniyo anali nayo, anaikopera m'magazini imene dalaivala wina anaiwala m'injini.

Mu Febuluwale adokotala anatiuza kuti shuga waononga mitsempha ya maso awo. Lamanzere linali litapita kale. Lamanja anati mwina lifika Khirisimasi, mwina ayi. Ndiye muone kuti sindinkathamangira choseweretsa.

Loweruka loyamba la Malichi ndinakwera basi ya 7 koloko. Pofika 9 koloko ndinali pa mzere m'kanjira ka kumbuyo, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Kukhomo la kutsogolo ife sitinkalowa. Kawindo kathu kanali ndi zitsulo zinayi zoimirira, mpata wake wongokwana dzanja. Mkati munali kalaliki, munthu wakuda ngati ine ndemwe, wa tayi yofiira.

Nditanena kuti ndikufuna pulani ya injini, anaseka. Anati mapatani a madiresi amagulitsa kwa amwenye. Ndinamupatsa kapepala ka nambala. Anakayang'ana, n'kufunsa funso lija ankafunsa munthu wakuda aliyense wogula chinthu chooneka chanzeru.

"Wakutuma ndani?"

"A Wilson James," ndinatero, monga mmene zinalembedwera pa chitupa chawo.

Kwathu munthu amatenga dzina la bambo ake, ndipo agogo anabatizidwa Jemusi ku mishoni. Amalawi a ku Highfield theka lonse tili ndi maina otere. Kalalikiyo atamva dzinalo anaongola msana. Anakankha buku lakuda limene ankalembamo anzanga a pa mzere, n'kupita kutsogolo kukatenga lina, labuluu. Ndinaona ndithu kuti wasintha buku. Ndinayesa ulemu.

Ndinalipira madola awiri ndi theka. Anandipatsa lisiti. Anati milungu itatu, chifukwa katundu wotere amazungulira ku Joni kaamba ka masankishoni, ziletso za malonda zimene maiko ena anaikira boma la azungu la kuno.

Milungu itatu itakwana ndinapita. Kalaliki anaweramira katoni imene inali pansi pa kawindo, mmene ankaikamo katundu wa anthu akuda. Anavundula ndi dzanja limodzi. Sinabwere.

Patapita milungu iwiri ndinapitanso. Anati masankishoni.

Ulendo wotsatira anati malire a ku Mozambiki atsekedwa, kodi sindimvera wailesi? Ndinati paja munati imadzera ku Joni. Anati ngati ndikudziwa njira ndikaitenge ndekha.

Mu Juni anati anyamata athu a kutchire, omenya nkhondo yaufulu, ndi amene akuchedwetsa sitima, ndikawadandaulire iwowo. Anthu a pa mzere anayang'ana pansi. Masiku amenewo nkhani zotere munthu sunkayankha.

Loweruka lina la mu Julaye anatseka kawindo nthawi ya 11:40, pamene chikwangwani chawo chomwe chinkati amatseka 12:30. Ndinali wachiwiri pa mzere. Ndinkamuona pa mpata wa thabwa akumwa tiyi ndi banzi. Ndinagogoda kamodzi. Sanacheuke.

Lisiti ndinkalitulutsa ulendo uliwonse. Analiyang'ana kangati? Kamodzi, tsiku limene analilemba. Ndikamutambasulira ankati, "Ukuyesa sindikukudziwa? Ndiwe uja wa injini." Ndikatchula dzina la bambo ankati dzina si katundu. Kenako sankaweramanso n'komwe. Ankangokankha katoni ija ndi nsapato, n'kumvera kulira kwake, n'kunena kuti mulibe. Kalaliki wodziwa kuwerenga katundu ndi chala chakuphazi, sukulu yake inali kuti?

Sindinakalipe ngakhale kamodzi. Anthu amandifunsa chifukwa chake. Kawindo kanali kamodzi, ndipo iye ndiye anali ndi chotsekera.

Poima pa mzere munthu umasowa poika maso. Ine ndinkayang'ana mkati, kupyola phewa la kalaliki, kumene kunali mashelefu a mbali ya azungu. Pa shelefu yapamwamba, pafupi ndi makatoni a tindege, panali chubu cha katoni chachitali ngati mkono, cha chivindikiro chofiira. Ndinkachiyang'ana pofuna kutaya nthawi. Ndinkachidziwa mpaka pamene chinaphwanyika pang'ono pakona.

Kunyumba bambo ankandidikira pa geti. Basi yanga inkafika cha m'ma 1 koloko.

"Esinati, wabwera nayo?"

"Akuti sinafike, bambo."

"Chabwino. Ifika."

Mu Meyi anatulutsa benchi yawo panja, ati m'shedi mwachita mdima. Mu Julaye anayamba kusankha tizitsulo ndi zala. Tsiku lina mu Ogasiti, dzuwa lili pamutu, kumwamba kuli mbee, anandifunsa ngati kukubwera mvula. Ndinati mwina. Mu Sepitembala anasiya kuima pa geti. Ankakhala m'shedi, phazi pa chopalasira, makina akuzungulira opanda kanthu.

Ulendo wakhumi ndi chitatu unali mu Okutobala. Kunkatentha koopsa. Kalaliki anakankha katoni yake, ine n'kupatuka, n'kutsamira khoma. Ndiyenera kuti ndinayankhula ndekha, chifukwa mdala wina wa kofia yoyera amene ankakhuthula zinyalala mumgolo anaima n'kundiyang'ana. Anali Che Saidi, Myao wa ku Mbare, wosesa m'sitolomo.

"Amayi, ndinu a kwathu? Masiku onsewa mumadzafuna chiyani pano?"

Ndinawaonetsa lisiti. Analiyandikiza kumaso, n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"James? Chubu cha Mr James ndimachipukuta fumbi ndine. Chinafika Isitala isanakwane. Adona achizungu oyang'anira sitolo amadandaula kuti bwanayu sabwera kudzatenga katundu wake."

Analoza ndi tsache. Chivindikiro chofiira chija.

Ndinabwerera pa mzere, kumapeto, n'kudikira anthu asanu ndi anayi. Nditafika ndinauza kalaliki kuti atsegule buku labuluu. Anati buku limenelo ndi la azungu, si la anthu ngati ine. Ndinati atsegule basi. Che Saidi anali ataima pambuyo pake ndi tsache lawo, ndiye anatsegula. Anapeza dzina. Analemba yekha, ndi dzanja lake lomwelo.

Mukuganiza kuti anapepesa? Anandiyang'ana ngati ndamubera. Anati, "Nanga bwanji sunanene kuti James wakoyo ndi munthu wakuda?"

Ndiye kuti ndinalakwa ndine. Ndinayenera kufika pa kawindo ka anthu akuda, ndi nkhope yangayi, n'kulengeza kuti bambo ondibereka ndi akuda.

Ndinati chabwino, ndipatseni. Anati sangathe, za m'buku labuluu amatulutsa ndi adona. Adona anabwera patatha mphindi makumi anayi, magalasi ali pamphuno. Sanayankhule ndi ine. Anauza kalaliki kuti auze mtsikanayu kuti katundu wa Mr James sangaperekedwe kwa wantchito, abwere mwini wake ndi chitupa adzasaine. Mtsikanayo ndinali ine, wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa ana atatu. Ndinati mwini wake saona. Kalaliki sanamasulire zimenezo. Anangondiuza kuti, "Wamva zimene adona anena."

Loweruka lotsatira bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi. Anapempha kuti ndiwapukutire nsapato. M'basi anakhala chowongoka, chipewa pa bondo, ndipo anauza mayi wina amene anakhala naye pafupi kuti akupita kukatenga pulani ya injini. Kuchoka pa siteshoni ndinawagwira pa chigongono, kuwauza poti akwere ndi poti atsike.

Anandifunsa ngati tikulowera kutsogolo, popeza dzina lawo lili m'buku la kutsogolo. Ndinayesa. Mlonda wa pakhomo anatiloza kumbuyo ndi ndodo.

Tinaima pa mzere kuyambira 9:15 mpaka 10:30. Kalaliki anatenga chitupa, n'kuchitembenuza uku ndi uku, n'kupita nacho kwa adona, n'kubwera nacho. Anakankhira buku labuluu pa zitsulo. Ndinagwira dzanja la bambo n'kuliika pa mzere wosainapo. Analemba dzina lawo lonse, mosathamanga.

Kenako chubu chinakana kudutsa pakati pa zitsulo. Chinali chonenepa. Khomo la kumbuyo linali pomwepo, Che Saidi ankatulukira pomwepo ndi zinyalala. Kalaliki sanaliyang'ane n'komwe. Anasolola pepala m'chubu, n'kulipinda pakati, n'kulipindanso, n'kulisalaza ndi chibakera pa thabwa, n'kulikankhira kunja.

"Mudhara," anaitana bambo m'chinenero cha kuno, ndiye kuti mdala, "yang'anani ngati ndi yomweyi. Ndikatseka buku sitibweza."

Bambo analitambasula. Analikweza patsogolo pa nkhope yawo ndi manja onse awiri. Mbali yolembedwa inaloza kwa ine, iwo akuyang'ana kumsana kwake koyera. Anakhala choncho kanthawi, ngati akuwerenga.

"Ndi yomweyi," anatero. "Zikomo, bwana."

Anathokoza. Pa zonse zimene zinachitika m'kanjira kaja, chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho.

Titafika kunyumba sanavule jekete. Tinapita kushedi, ndinayala pepala pa benchi. Anati ndiwawerengere. Ine patani ya diresi ndimaidziwa, koma apa panali mizere yodukaduka, timivi, ndi manambala okwerana wina pamwamba pa mnzake. Anandifunsa muyeso wa kabowo ka kumanzere. Ndinawerenga nambala imene inali pafupi. Anafunsa kuti ikuyambira mzere uti kulekeza uti. Sindinadziwe. Anandifotokozera modekha, kawiri, katatu. Sindinadziwebe. Ngakhale ndikanadziwa, wosema kabowo kochepa ngati njere ya mapira akanakhala ndani?

Anayendetsa zala papepala ponse, kuchoka pamwamba mpaka pansi. Penapake anaima.

"Apa ndikumva mzere. Ndi wa valavu umenewu?"

"Ayi bambo. Ndi pamene anapinda kalaliki."

Anangoti, "Oo." Anapinda pepalalo m'mizere yomweyo, n'kundipatsa kuti ndisunge pouma. Kushedi sanalowenso. Anamwalira chaka chotsatira, mvula itangosiya.

Kainjini kali pamwamba pa kabati yanga. Pulani ili pansi pake. Gudumu limazungulira bwinobwino ukalikankha ndi chala.

Kawindo kaja anakatseka ndi njerwa nkhondo itatha, ndipo ndamva kuti masiku ano m'sitolomo mumagulitsidwa nsapato. Komabe inu amene muli ndi maina ngati athuwa, ndi inu nonse amene mumaima pa mawindo a maofesi, muziyang'ana buku limene akukulembanimo. Akasintha buku, funsani pomwepo, ngakhale akuyang'aneni moipa.

Adona aja sindiwafunsa kanthu, sankadziwa n'komwe kuti ndili ndi nkhope. Funso langa lili kwa inu a tayi yofiira, ngati mukadali moyo, kaya ku Highfield konkuno, kaya ku Hatcliffe kwa ana anu. Ndalama sindikufuna. Kupepesa kunachedwa. Mu Epulo bambo anga ankatha kulowetsa ulusi pa singano yanga ndi diso lawo limodzi lija, ndipo chubu chinali chitafika kale. Mungondiuza kuti kuchoka pa mpando wanu kufika pa shelefu ija panali mapazi angati.

Ine ndinawerenga tsiku limene munanyamuka kukachitenga. Anali asanu ndi limodzi.