Batani Linatsalira Mkati

Mkamwini wanga ndamudziwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindinamumvepo akunama. Vuto lake ndi lakuti zoona zake zimachedwa kufika. Kuntchito amamutcha Posachedwa.

Amagwira pa kampani ya mabasi. Kale ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa ogulitsa matikiti, momwe munali makompyuta awiri, ketulo yopanda chivindikiro ndi mpando wochirikiza ndi njerwa. Iyeyo ndiye anapanga tsamba la pa intaneti loti anthu azigulirapo matikiti pafoni. Tsambalo linkagwira, koma akamalikonza anthu ali mkati mogula, mpando umodzi unkagulitsidwa kawiri. Tsiku lina mayi wina anapeza bambo wonenepa atakhala pamalo pake, aliyense tikiti yake kumanja, ndipo basi inanyamuka mochedwa.

Bwana anamuitana. "Zikachitikanso, unyamule ketulo yakoyo uzipita."

Posachedwa anaganiza zanzeru. Makaniko sakonza basi anthu ali momwemo, amayamba wawatsitsa. Choncho anapanga batani loti akalidina tsamba lonse lizitseka, aliyense wobwera aziona mawu akuti, "Tikukonza. Titsegula posachedwa." Kunyumba anadzitama kuti akatseka palibe ndi mmodzi yemwe angadutse.

"Ngakhale inuyo, bambo?" anafunsa mkazi wake, maso ali pa malaya amene ankasita.

"Inu mayi, sitani malayawo. Izi n'zamakompyuta."

M'mawa mwake analidina. Tsamba linatseka bwino lomwe. Atamaliza kukonza anafuna kutsegula, koma tsambalo linamuuza nayenso mwaulemu kuti akukonza, atsegula posachedwa. Batani lotsegulira anali ataliika mkati mwa tsamba lomwelo. Anakhoma nyumba kiyi ali patebulo.

Njira ina inalipo, yolowera kuseri pa makina enieniwo, koma inali yaitali. Akutuluka nayo thukuta, anthu anatopa ndi mafoni n'kubwera kudzaima pamzere ngati kale. Tsiku lonse palibe amene anakhalirana mpando.

Madzulo bwana anasuzumira m'kachipindamo. "Lero sindinamve dandaulo. Wachita chiyani?"

Wina akanati ndi luso. Mkamwini wanga anaimirira n'kunena kuti, "Ndadzitsekera kunja, bwana. Koma nditsegula, ndikulonjeza."

"Usakhudze. Chiyambireni, ichi chokha ndiye wapanga chogwira ntchito."

Ntchito sinathe. Poti mzere unatalika, anamupatsa zenera lachitatu kuti azigulitsa matikiti pamanja, ndipo amagulitsa bwino, mpando umodzi munthu mmodzi. Ketulo ija anasamuka nayo.

Mawu aja akadali pa tsambalo. Mdzukulu wanga, amene nthawi imeneyo ankakwawa, tsopano amawawerenga yekha n'kufunsa kuti, "Adadi, mutsegula liti?" Mayi ake amangoti, "Usawasokoneze, n'zamakompyuta."

Iye amayankha kuti atsegula, analonjeza. Ine ndimamukhulupirira, chifukwa munthuyu sanama.