Ekizozi Yonong'ona ya a Ndiaga Thiaw

A Ndiaga Thiaw a ku Niaga anali munthu womveka, osati ndi nzeru ayi, koma ndi ekizozi. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankakweza azungu pa kwadi yawo, njinga yamoto ya matayala anayi ija, n'kumawazunguliza m'milu ya mchenga kuseri kwa nyanja yamchere. Injini yake inali yachikale, yomwa petulo wosakaniza ndi oilo, ndipo ikalira, ngakhale ogontha ankatembenuka.

Akazi anali nawo awiri, masiku n'kumawagawira awiriawiri. Mayi Coumba, aakulu, ankakumba mchere m'nyanja. Yacine, wamng'ono, ankakhala kumpoto kwa mudzi, ndipo mpunga wansomba umene ankaphika, abale inu, munthu n'kuiwala kwawo. Ndiye pa masiku a mayi Coumba, dzuwa likafika paliwombo, a Ndiaga ankazembera kwa Yacine, n'kudya, n'kupukuta pakamwa, madzulo n'kukafika kwa mayi Coumba akudandaula njala.

Kudya m'beseni la mkazi amene si tsiku lake ndi mlandu woitanira alamu, ndipo banja limatha nawo. A Ndiaga ankaopa kutaya mayi Coumba, zimenezo ndiye zoona. Choncho akafika pamlambe wa panjira ya kwa Yacine ankazimitsa injini n'kuyamba kukankha, kuti mayi Coumba asamve kumene alowera. Bambo wa imvi, thukuta lili kamukamu, kukankha chinjinga mumchenga chifukwa cha mpunga. Dyera ili!

Ekizozi itaola, zitini za tomato zimene ankaimatira zitakana, anapita ku Rufisque kwa Mbagnick, makaniko wa pakamwa posatseka. Mbagnick anatulutsa mapaipi awiri. Ina inali yonyezimira, yamimba ngati mbuzi ya bere, ina yakuda, yokhala ndi chitini chachitali kumchira.

"Yonyezimirayi, Thiaw, mimba yakeyi imabwezera mpweya mu injini, njinga n'kumakwera mulu ngati yawona mkango. Ukailiza kuno, ku Dakar atseka mawindo."

"Nanga yakudayo?"

"Imeneyo ndi ya anthu amantha. Imangonong'ona."

A Ndiaga anaisisita yonyezimirayo, mtima uli dyokodyoko. Anali atailota kwa zaka zambiri. Koma anakumbukira msana wawo, anakumbukira mchenga wa pamlambe.

"Ndimangire yonong'onayo."

"Iwe? Wadwala kodi, kapena pali mpanda umene ukufuna kumadutsa chozemba?"

"Manga paipi, iwe wolongolola, pakamwapo utseke."

"Hede! Ayi, timange. Kabuleta ndiisinthanso, injini ingakuzimire panjira yako yachinsinsiyo."

M'mawa mwake linali tsiku la mayi Coumba. A Ndiaga anayendetsa azungu awo mwakachetechete, anyamata a makwadi atsopano akuwaseka kuti mkulu wakalamba, wagula makina osokera. Iwo osalabada. Masana anadutsa pamlambe ali chikhalire pampando, mpaka kuseri kwa mpanda wa Yacine. Anadya mosafulumira, anamwa tiyi matambula atatu, n'kugona pamphasa akudzitama mumtima kuti nzeru sagula pamsika.

Anadzidzimuka ndi phokoso la anthu. Pachipata panali amuna onyamula zingwe ndi mafosholo, shehe wa pamzikiti, ndi alongo atatu a mayi Coumba. Anali atatsata mapazi a matayala kuchokera kumilu. Kutsogolo kunali mayi Coumba, miyendo ili mbuu ndi mchere, maso ali psuu. Beseni la Yacine linali pomwepo, minga ya nsomba ili mbwee.

"Ndiye muli moyo, bambo a Saliou," anatero mayi Coumba.

"Ndi... ndimangodutsa."

"Khalani chete. Zaka zonsezi ine ndili m'madzi ndimakumvani mukukwera mulu waukulu, ndimakumvani mukutsika, ndimamva mukuzimitsa pamlambe. Ndimati, basi, apita kukadya, ali bwino. Lero kuyambira m'mawa kuli zii. Ndinati chinjinga chija chawagwera pamsana, akufera mumchenga okhaokha. Ndataya dengu la mchere m'madzi, ndalira mudzi wonse."

A Ndiaga anachita manyazi oti nthaka ingong'ambika alowemo.

"Ndiye kuti... mumadziwa, Coumba?"

"Ndani samadziwa? Ngakhale abulu okoka ngolo amadziwa."

Shehe anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Yacine anakokera beseni kuseri kwa chitseko ndi phazi. Mlongo wamkulu wa mayi Coumba anakhosomola n'kuika fosholo pansi.

"Achemwali, tikatenge katundu wanu?"

Mayi Coumba anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, n'kuyang'ana paipi yakuda ija nthawi yaitali.

"Ayi, achimwene. Mawa abwerere ku Rufisque akamangitse yaphokoso. Kundibera tsiku ndinazolowera, koma azindibera ndikumva."