Selotepi pa Kaswichi

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ku labotale ankawatcha a Chitseko. Dzinali anadzipezera okha ndi kukuwa. Munthu ukangoyandikira makina awo umamva, "Chitseko! Tsekani chitseko!" mpaka mabotolo amene ine ndinkatsuka m'chipinda choyandikana ankachita kunjenjemera.

Ntchito yawo inali kusamala makina ojambula majelo. Jelo ndi kachidutswa kofewa, konjenjemera, kamene ofufuza amayendetsamo DNA. Ndi maso okha suona kanthu. Umakaika pagalasi m'kati mwa bokosi lachitsulo lalikulu ngati kafiriji, n'kutseka chitseko. Nyale ya pansi pa galasi ikayaka, timizere ta DNA timawala, kamera ya pamwamba n'kujambula. Koma nyale imeneyo ndi yankhanza, imawotcha maso ndi khungu iwe osamva kutentha. N'chifukwa chake pachitseko pali kaswichi, ukatsegula nyale imazima yokha.

Alamuwo anayamba ntchito mabokosi amenewa kulibe, akusuzumira nyale ili poyera, ndiye diso lawo lamanzere linachita ng'ala. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingawanamizire. Koma mtima wapachala, mayo ine! Ana asukulu ofufuza anali ndi chizolowezi chomata kaswichi kaja ndi selotepi kuti azidula timizere chitseko chili chotsegula, iwo atavala chotchinga kumaso. Alamu akapeza selotepi, mpando unkauluka. Mnyamata wina wamtali, tinkamutcha Kandevu, anamupezapo kangapo, ndipo tsiku lina anamukoka kolala mpaka mabatani kuthothoka. Mabwana ankangoti, "Asiyeni, ndi mmene alili."

Ndi mmene alili! Achemwali anga ndiwo ankadziwa bwino mmene alili. Kunyumba mbama inkabwera msanga kuposa moni. Ntchito yokolopa m'labotale anawapezera ndi amuna awo omwewo, ndipo m'mawa uliwonse ankapukutanso galasi la makina aja. Kadontho kamodzi kakaoneka pachithunzi, nkhani yake inkakathera kunyumba chitseko chili chokhoma.

Tsiku limenelo, dzuwa litapendeka, ndinamva kukuwa m'khonde. Ndinapeza achemwali atagwada, manja ali kumaso.

"Mchenga! M'maso mwanga muli mchenga! Sindikuona!"

Nkhope inali psuu, zikope zitatupa, misozi ikungoyenderera. Alamu anafika akuthamanga, anangowayang'ana kamodzi n'kudziwa. Analowa m'chipinda cha makina, ine pambuyo. Pakaswichi panali selotepi.

Sanafunse munthu. Kandevu anali pabenchi yake, chowerama, akudontheza timadzi m'timachubu. Alamu anamugwira khosi chakumbuyo n'kumumenyetsa nkhope pathebulo. Phwaa! Magalasi a maso anasweka, timachubu mbwee pansi. Mnyamatayo anati adzuke, chibakera chinamupeza pachibwano, ndinamva fupa likulira. Anagwa, iwo n'kuyamba kumuponda m'nthiti ndi nsapato.

"Wamuchititsa khungu mkazi wanga, galu iwe!"

"Si ine, bambo! Lero makinawo sindinawagwire n'komwe!"

"Alamu, mupha munthu!" ndinakuwa, ndikuwakoka malaya. Anandikankha ndi chigongono, ndinakagunda pasinki mlomo n'kung'ambika. Alonda atafika anachita kuwakwera pamsana kuti awaletse. Pansi panali magazi, zidutswa za galasi ndi mano. Amene anadzakolopa magazi amenewo pambuyo pake ndine.

Chakumadzulo alamu anawapulumuka alonda aja n'kuthamangira kuchipatala kumene tinapititsa achemwali. Ine ndinali pambali pa bedi. Maso onse awiri anali atamangidwa, ndipo dokotala anati tidikire, tidziwa akamasula. Alamu analowa malaya ali magazi okhaokha, akupuma ngati ng'ombe, n'kugwada. Aka kanali koyamba kuwaona akugwira dzanja la achemwali mofatsa.

"Mayi a mwana, usadandaule. Amene wakuchita izi ndamuthyola chibwano."

Achemwali anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Mwamenya ndani, abambo?"

"Kandevu. Selotepi yake ndaipeza."

"Selotepiyo ndamata ndine."

Alamu anakweza mutu n'kuwayang'ana.

"Madontho a pagalasi saoneka nyale ili chizimire," achemwali anapitiriza, mawu ali pansipansi. "Ikayaka amawala onse. Ndinaona ana aja akumata, ndiye lero ndinati ndiyese. Ndinaweramira momwemo, ndikupukuta kadontho kalikonse mpaka galasi linayera. Ndimafuna tsiku limodzi lokha ndifike kunyumba osaopa."

"Nanga bwanji sunandifunse?"

"Kukufunsani inu?"

Apolisi anawapeza atagwada pomwepo, ndipo sanavute. Kunena zoona, chisoni sindinawamvere. Mtima wanga unali pa mnyamata uja, amene anamugoneka m'chipinda china cha chipatala chomwecho, chibwano atachimanga ndi mawaya.

Maso a achemwali anachira, Mulungu ndi wabwino. Kandevu sanabwererenso ku labotale, ndipo ndinamva kuti mpaka lero amatafunira mbali imodzi. Alamu atatuluka kundende anabwera kwathu, kumene achemwali anasamukira, atavala jekete, chipewa chili m'manja. Anagogoda ulemu wonse. Achemwali anawasuzumira pawindo nthawi yaitali ndi maso awo awiri abwinobwino, kenako anabwerera kukasita zovala zawo.