Kabokosi Kachitatu ka Adada

Ndinaganiza zopita ku Lilongwe tsiku limene anandibweza kusukulu chifukwa cha fizi. Ndinali Folomu 2. Adada anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo foni yawo inasiya kalekale kulowa. Amama anandiperekeza pa siteji ku Champhira.

Ku Lilongweko ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa Anti Mphatso. Iwo ankakonza pulogalamu ya pakompyuta ya bungwe lina lolipirira ana sukulu. Ankajambula timabokosi ndi mizere papepala, kenako n'kusandutsa chojambulacho kukhala ziganizo wamba kuti amve ngati zikugwirizana ndi moyo wa anthu. Ankandiwerengera ine ndikusita zovala.

"Tiwonge, tamvera ichi: mwana aliyense ali ndi bambo wamoyo kapena womwalira. Zoona?"

Ndinayang'ana simbi. "Kwathu kuli machona, Anti. Amapita ku Joni, osabwerako, maliro osamveka."

"Ndiye bambo wotereyo timutche chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Basi, tilemba zomwezo." Anajambula kabokosi kachitatu: sizikudziwika.

Ndinasangalala chamumtima, ngati ndawapezera adada chipinda chogona. Amama sindinawauze. Pafoni tinkangokamba za mvula ndi kandalama kamene ndatumiza. Wocheza naye ndinalibe, ndipo Chitumbuka ndinkachilankhula ndekha potsuka mbale.

Patatha chaka amama anandiimbira. "Bwera, mwana wane. Sukulu yapezeka."

Nditafika anandigwira dzanja mpaka kuseri kwa khola la ng'ombe. Panali mtumbira watsopano, waufupi.

"Abale a adada ako anavomera," anatero. "Tinaika malaya awo ndi chipewa."

"Amama, uthenga unabwera?"

"Yayi. Anabwera a bungwe lolipirira ana sukulu ndi kompyuta yawo. Pa funso la bambo wa mwana, mayankho anali atatu. Ndinafunsa kuti amalipirira ana ati, anati amasiye okha. Ndipo pamudzi pano sunganene kuti munthu wamwalira popanda manda. Mbwenu, basi."

Sanalire. Anawerama n'kuzula kaudzu pamtumbirapo.

Tsopano ndili Folomu 3. M'mawa uliwonse ndimadutsa pakholapo, ndipo sindidziwa ngati ndipereke moni. Basi yochokera ku Joni ikaima pamsewu waukulu, anzanga amathamangira kukaona amene akutsika ndi zikwama. Ine ndimatsalira, maso pansi. Ndimachita manyazi ndi chimene ndimapempha Mulungu: kuti adada asatsikemo mpaka nditalemba mayeso.