Madzi a m'bala la mphero

Puloti yanga ili kumtunda kwa Bangwe, komwe msewu umathera. Nditaigula ndinapezapo miyala iwiri: chimwala chachikulu ngati minibasi, ndi wina wocheperapo kumunsi kwake, umene chachikulucho chinatsamira. Nyumba ndinamanga chakumunsi kwa yonse iwiri. Zaka zambiri sindinaiganizireko miyalayo, mpaka ana atakula ndipo ndinafuna kuwonjezera chipinda. Malo anali amodzi okha, pamene panali mwala waung'onowo.

Pamwamba pa chimwala panali maenje atatu ozungulira, aakulu ngati lichero. Pa waung'ono, mbali yamthunzi yoyang'ana kunsi kwa chachikulucho, panali mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, ndi timaenje ngati ta bawo. Kwa ine zonsezo zinali chimodzi: akale ankasema mphero apa, basi. Mwala woti anthu anausema kale, ine ndiuope chifukwa chiyani? Ndinaganiza zouswa waung'onowo.

Akazi anga ndiwo anaitana amalume, mlongo wawo wa mayi anga, amene anakula akusema mphero ndi bambo awo zigayo zisanachuluke. Anafika Loweruka m'mawa ndi ndodo yawo, wefuwefu.

"Mwabwera kudzandiletsa?" ndinawafunsa.

"Ndabwera kudzamwa tiyi. Koma poti wayamba ndiwe, tiye."

Ndinawakankha mpaka anakwera pachimwala. Anagwira dzanja langa n'kuliika m'dzenje limodzi.

"Ukumva chiyani?"

"Mwala."

"Mwala ndi mutu wakowo. Papasa m'mphepetemo."

Munali mokhakhala, manomano. Anati wosema mphero amayamba wakumba ngalande yozungulira ndi tchizulo, kenako amakhoma zitsulo chapansi mpaka chapakaticho chitathyoka n'kunyamuka. Chotsala ndi bala, ndipo mano a tchizulo amaoneka. Dzenje lachitatu linali ndi mphero yake momwemo, yong'aluka pakati.

"Iyi inamuswekera asanaichotse. Ayenera kuti anatukwana ngati iwe."

Titatsika anandilowetsa chokwawa pansi pa chimwala, pomwe panali mizere ija. Inali yosalala ngati sopo wotha, ndere zitamera m'kati mwake, popanda dzino ndi limodzi lomwe la chitsulo.

"Apa sipanachotsedwe kanthu," anatero amalume. "Wa mphero amafuna chimene achotse. Uyu ankafuna chimene asiye. Komanso ndani angaseme mphero pamalo poti nyundo sungaikweze?"

"Ndiye anajambula ndani?"

"Bambo anga ankati Akafula. Iwonso anangomva. Koma taona: mwala wapafupi, wosavuta kusema, ndi waung'onowu. Nanga osema aja anavutikiranji kukwera pamwamba? Uwu anausiya dala."

"Ankaopa mizimu."

"Kaya mizimu, kaya chiyani. Anthu odziwa miyala anausiya. Iwe chimene umadziwa n'kuwotcherera mageti."

Pamenepo mtima unandikwera. Ine ndikapsa sindisankha mawu, ndi matenda anga kuyambira ubwana. Ndinawauza kuti ndinafika Folomu 4, ndimapemphera, ndipo timizere ta anthu afupiafupi sitingandiuze pomanga chipinda cha ana anga. Ndinawonjezera kuti ntchito yawoyo inafa kalekale. Tiyi sanamwe. Anatsanzika akazi anga okha.

Sabata yotsatira ndinabweretsa oswa miyala atatu. Anaunjika matayala akutha pamwala waung'ono n'kuyatsa. Utsi wakuda unaphimba zovala za aneba pazingwe, ndipo amene anadandaula ndinawakalipira. Mwala ukatentha ankathirapo madzi, umvekere thu! Mizere ija ndiyo inayamba kusupuka, ngati khungu la mbatata yootcha. Tsiku lachitatu, atachotsa kupitirira theka, wamkulu wawo anaika nyundo pansi.

"Bwana, tilekere pomwepa. Chapamwambachi chalira."

"Mwala umalira? Ndiwe wamisala?"

"Chalira kamodzi. Kachiwiri ine sindikhalapo."

Ndinawatukwana mpaka anatsika chitunda, osacheuka. Komabe malo anali atakwana. Kwale wa mwala womwewo ndinathira m'maziko, chipinda chinatha, ana analowamo akusangalala.

Mvula yoyamba itagwa ndinakwera pachimwala kuti ndione ngati malata atsopano akhala bwino. Maso anga anagwera m'maenje a mphero. Zaka zonsezo madzi a mvula ankakhala pakati, mbalame n'kumamwa, mpaka anasiya mzere wakuda kuzungulira. Tsiku limenelo madzi anali ataunjikana mbali imodzi. Kumtunda mzere wakuda unali poyera, wouma. Kumunsi unali utamira. M'maenje onse atatu chimodzimodzi.

Ndinatenga choko chimene ndimalembera zitsulo n'kulemba pomwe madzi analekezera. Sindinauze munthu. Patatha masabata awiri a mvula ndinakweranso. Madzi anali atapitirira chokocho ndi chala chimodzi chopingasa. Chimwala chija chinkapendekeka pang'onopang'ono.

Ndinakwera minibasi kupita kwa amalume ku Machinjiri. Ndinawapeza pakhonde. Moni anayankha, mpando sanandipatse. Ndinafotokoza nditaimirira, chipewa kumanja.

"Madziwo apendekera kuti?"

"Kunyumba, amalume."

"Ana akugona chipinda chiti?"

Ndinawauza kuti m'chatsopanocho. Pomwepo anaitana azakhali kuti achotse matumba a chimanga m'chipinda chakuseri, ayalemo mphasa.

Ana ndinawapititsa madzulo a tsiku lomwelo. Akazi anga anapita nawo, ndipo mpaka lero za mwalawo sanandifunsepo. Chipinda chatsopano ndinachikhoma. Ine ndimagona pabalaza, kufupi ndi chitseko chakumaso. Ikangogwa mvula, m'mawa mwake ndimakwera ndi choko. Mizere yanga m'dzenje lapakati yafika inayi tsopano, ndipo mwezi wa mvula yeniyeni sunafike.