Nkhuku imene ndinadya ku Dublin

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga, kufupi ndi bwalo la ndege. Ndege zimadutsa pamutu panga tsiku lonse, koma ine ndikakwera ndege ndiye kuti kumudzi kwagwa zovuta. Chibwerereni ku Canada kuno, maulendo anga onse anali a maliro. Holide ndinkangoimva kwa anzanga a kuntchito, akamabwerako atapsa mphuno ndi dzuwa.

Ndiye mumvetse mmene ndinasangalalira muphwa wanga, mwana wa malemu mchemwali wanga, ataimba foni n'kunena kuti, "Amalume, chilimwe chino ndikukutengani. Tikupita ku Dublin, ku Ireland, tikiti ndagula kale." Abale inu, ndinangokhala pansi pakatoni ya katundu! Kusukulu ya mishoni kwathu tinaphunzitsidwa ndi wansembe wa ku Ireland, amene ankati kwawo udzu suuma chaka chonse. Ife tinkaseka, tinkati mzungu uyu bodza amalitha. Tsopano ndinali kupita kukaona ndi maso angawa.

Muphwa wangayo amakhala ku Markham, konkuno ku Canada, amagwira ntchito zamakompyuta, ndipo ku Dublin ankapitapita, akuti kampani ikumutuma. Ali ndi mkazi, namwino wa pachipatala china mumzinda, ndi ana awiri. Nkhoswe ya banja limenelo ndine. Ndine ndinaimirira pamaso pa anthu tsiku la chinkhoswe, n'kugawana nkhuku yootcha ndi amalume ake a mkaziyo, kusonyeza kuti mawu tamanga. Amalume akewo atabwerera kumudzi, ine ndinatsala nkhoswe ya mbali zonse ziwiri. Zikavuta m'nyumba, mkaziyo, apongozi angawo, ankaimbira ine, ine n'kuliza galimoto mpaka ku Markham. Ankandigwadira pondipatsa madzi, mayi wophunzira, m'khitchini ya ku Canada. Tsiku lina anandidandaulira za maulendo a ku Dublin aja, kuti achuluka. Ine ndinati, "Mayi, imeneyo ndi ntchito. Mwana ameneyu ndamulera ndine, ndikumudziwa. Khazikani mtima pansi." Anaukhazikadi, chifukwa wanena ndine.

Kutatsala pang'ono kunyamuka, muphwa wanga anati ndisaiwale suti, akuti kuli malo ena odyera kumene salola munthu wa juzi. Suti yanga inali itakwinyika m'kabati. Apongozi anaitenga, anaisita, anaipinda bwinobwino m'chikwama pamodzi ndi tayi imene ana awo anandigulira. Ndi iwonso anatiperekeza ku bwalo la ndege. Potsanzikana anati, "Ulendo uno ndigona tulo, amalume, popeza akupita ndi inu."

Dublin ndinaikonda, sindinama. Wansembe uja sananame, udzu wake ngobiriwira ngati dimba la mpiru. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, moti ndinaoloka msewu osasokonezeka. Tinakwera basi yopanda denga, mvula ya mawawa ikutinyowetsa, kenako dzuwa, kenako mvulanso, ine ndikungoseka ngati mwana. Ndinaona zitseko zopakidwa utoto, china chofiira, china chachikasu, china chobiriwira, nyumba zake zofanana. Ndinaima pa kamlatho koyera ka anthu oyenda pansi, kuyang'ana mtsinje umene umagawa mzindawo pakati. Mbalame ina ya kunyanja inanditsomphola tchipisi m'manja ngati kabawi, ine n'kuitukwana m'Chichewa, anthu n'kuseka. M'tchalitchi china chakale cha miyala ndinayatsira kandulo mchemwali wanga, n'kumuuza mumtima kuti, "Achemwali, mwana wanu wakula. Taonani kumene wandifikitsa."

Muphwa wanga nthawi zambiri anali pafoni, akutalikira pang'ono poyankhula. Ine ndinkati ndi za kuntchito.

Loweruka m'mawa anati, "Amalume, lero valani suti ija. Kuli a kwathu ena amene akhala kuno nthawi yaitali, amva kuti mwabwera, akufuna mukadye nawo." Ndinati nanga malo odyera aja? Anati tipita tsiku lina. Sindinaganize kanthu. Mmalawi akamva kuti wa kwawo wafika, amaphika, basi.

Tinakwera basi mpaka kunja kwa mzinda, kunyumba ina ya njerwa zofiira. Munali anthu odzaza, azimayi atavala zitenje zofanana. Ndinati mwina ndi a kwaya. Anandilandira mwaulemu wodabwitsa, kundichotsera mpando wabwino, kundikhazika pafupi ndi bambo wina wa imvi, wa suti ngati ine. Tinacheza za kumudzi, za mvula, za kuzizira kwa ku Canada. Njala inali itandigwira, chifukwa m'mawa ndinangomwa tiyi.

Kenako mayi wina anabwera ndi mbale, muli nkhuku yootcha yathunthu, anagwada n'kuiika pakati pa ine ndi bambo uja. Bamboyo anasamba m'manja, ananyotsola ntchafu n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati, "Wawa, inunso mundipatseko." Ndinanyotsola inayo n'kuwapatsa, ndikuti ndi ulemu wa alendo. Ndinaluma.

Nthungululu inaphulika nyumba yonse. Mafoni anali m'mwamba, onse ataloza ine. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka, munatuluka mtsikana wovala chilundu, pathupi pake poonekeratu, ndipo muphwa wanga anapita kukaima pambali pake, atazolika.

Nyama ija inandiuma m'kamwa ngati chigamba. Mwambo umenewu ndimaudziwa, ndinauchitapo kale, chifukwa cha munthu yemweyu! Ndinalavulira m'kansalu kopukutira m'manja n'kuimirira.

Ndinati, "Pepani akuluakulu, kodi pano pakuchitika chiyani?"

Bambo wa imvi uja, nkhoswe ya mtsikanayo, anadabwa. Anati, "Aa, si mwabwera kudzamanga mawu, ankhoswe? Mwana wanuyu anatiuza kuti mukudziwa zonse, kungoti ndinu munthu wosachuluka zonena."

Ndinati, "Ine ndabwera kudzaona mzinda. Munthu uyu ali ndi mkazi ndi ana awiri ku Markham. Nkhoswe yake ndine, ndipo suti ndavalayi wasita ndi mkazi wakeyo."

Mtsikana uja anakhala pansi pomwepo, pakapeti, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Ndinamva pambuyo pake kuti iyenso muphwa wanga anamunamiza kuti banja lija linatha kalekale. Ndinamumvera chisoni. Ndinatuluka.

Muphwa wanga ananditsatira panja. Anati, "Amalume, mukanangodya n'kukhala chete. Anandipanikiza kuti ndibweretse wa kwathu. Ndikanakuuzani simukanabwera."

"Iwe! Ndiye unaona kuti bola undigwire m'maso? Basi ija, kandulo ija ndinayatsira mayi ako, zonse zija unkangondinenepetsa ngati mbuzi ya Khirisimasi?"

Anati, "Koma mzinda mwauona, si choncho?"

Ndikanakhala wa manja opepuka, tsiku limenelo apolisi a ku Ireland akanandidziwa dzina. Chimene chinandiwawa kwambiri si bodza lokha ayi. Mwana ameneyu anakhala pansi n'kuganiza kuti amalume anga chimene amachilakalaka moyo wawo wonse n'chiyani, atachipeza n'kuchisandutsa nyambo. Ndinabwerera ndekha kuhotelo. Masiku otsalawo sindinakwerenso basi yopanda denga. Ndinkangokhala pabenchi m'mbali mwa mtsinje uja, ndipo udzu wobiriwira uja unkangondinyansa.

Ndinaganiza zoimbira apongozi, koma nkhani ngati imeneyi nkhoswe sinena pafoni. Umapita, umakhala pansi, umayang'ana munthu kumaso. Ndinati ndikangotsika ndege, ndilunjika ku Markham. Ndinaiwala mafoni aja. Amalawi a ku Dublin ndi a ku Toronto ndi amodzi, wina ali ndi msuweni uku, wina anaphunzira ndi uje. Kanema anafika ku Canada ine ndisanapakire n'komwe chikwama. Ndipo amene anajambula analekeza pa nthungululu. Poimirira panga, mawu anga aja, palibe anajambula.

Ku bwalo la ndege sikunabwere munthu. Muphwa wanga anakwera takisi kupita kwa mnzake, ine ndinapita ku Markham mawa lake masana. Apongozi anatsegula chitseko atavala yunifolomu ya kuchipatala. Sanandilandire chikwama cha mphatso za ana. Tinakhala m'khitchini, iwo anaika foni patebulo n'kuyatsa kanemayo. Ndinadziona ndekha, suti yosalala, tayi ya ana awo, ndikumwetulira, ndikupatsa bambo uja ntchafu ndi manja awiri.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa katoni ndinakhalira paja. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Mwina mukunena zoona, amalume. Mtima wina ukundiuza kuti mukunena zoona. Koma ndi inu munandiuza kuti ndi ntchito. Ndi inu munati mukumudziwa. Ine ndinasiya kufunsa chifukwa cha inu." Anayang'ananso foni ija. "Kolala imeneyi inandivuta kusita. Ndinaibwereza kuti mukaoneke bwino."

Ndinkafuna kukalipa, koma womukalipira sanali m'nyumbamo.

Anati, "Tsopano ndikadandaule kwa ndani? Nkhoswe yanga yadya nkhuku mbali ziwiri."

Banja lija linatha chaka chomwecho, kudzera kwa maloya, popanda wondifunsa ine kanthu. Muphwa wanga amaimba foni nthawi zina, ine sindiyankha. Anthu ena kutchalitchi mpaka lero amakhulupirira kanema uja, ndipo sindingayende khomo ndi khomo kuwauza zimene zinachitika foni zitatsitsidwa. Suti ija ili m'kabati, sindinaivalenso.

Apongozi timakumanabe pa zochitika za Amalawi, pamaliro kapena pa mapemphero. Sanandinyozepo, sanandinenerepo choipa kwa munthu. Mwezi wathawu tinakumana pakhomo la holo ina ku Mississauga, ali ndi ana aja, atalika kundiposa. Ndinavula chipewa, ndinati, "Muli bwanji, mayi?" Anaima, anamwetulira pang'ono monga amachitira ndi odwala awo, n'kundiyankha m'Chingelezi, mwaulemu ndithu, ngati ndine munthu amene wawafunsa njira. Kenako anagwira ana aja pamapewa n'kulowa. Mawu oti amalume sindinawamvenso pakamwa pawo kuchokera tsiku la m'khitchini lija.