Mwendo wa amayi m'chaka cha kolera

Chaka chimene kolera inavuta, ine ndinkagulitsa zitenje ku Chiponde. Tsiku lina ndinapita ku Katuli kukaona amayi, amene ankakhala okha chimwalirireni bambo. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pamphasa, mwendo wakumanja ataufunditsa chitenje. Sanadzuke kundilonjera. Nditagwada kuti ndiwapatse moni, ndinamva fungo la chinthu choola.

"Amayi, mwabisa chiyani apa?"

"Palibe, mwanangu. Kachilonda chabe."

Nditavundukula chitenjecho ndinakuwa. Kuyambira pabondo mpaka kuphazi khungu linali litasupuka, mnofu uli pamtunda, pena pakuda bii, pena pakuchucha mafinya. Anali atapakapo mankhwala otsukira mano.

Anandiuza kuti a zaumoyo anadutsa m'mudzi kunena kuti madzi akumwa aziwiritsidwa. Iwo anamvera. Pophula poto anapunthwa, madzi onse n'kukhuthukira pamwendo. Panali patadutsa sabata yathunthu.

"Sabata! Bwanji simunapite kuchipatala?"

"Kuchipatala kuja? Mnzanga wa kumzikiti anapita ndi m'mimba, anabwerako atakulungidwa m'pulasitiki. Sitinamusambitse, ngakhale nkhope sitinaione. Ine ndifere pano, mudzandisambitse bwino."

Ndinaitana wa njinga yamoto, tinawakhazika pakati, ine kumbuyo nditagwirizira mwendowo. Njinga ikagunda bampu ankaluma mpango wawo.

Pachipatala chaching'ono cha kwathu panali patazikidwa tenti, atatchinga ndi chingwe. Anthu ankabwera nawo odwala pamsana, ena pamachira. Anamwino onse anali m'tentimo kupatula mmodzi, mtsikana wamaso ofiira ndi tulo. Pabenchi panali bambo wina wogwa padenga, fupa la mkono litatulukira kunja. Anati wakhala pamenepo kuyambira m'mawa.

Namwino uja atafika kwa ife, anayang'ana balalo n'kugwira pakamwa.

"Achemwali, awa akufunika diripi komanso chipatala chachikulu. Koma madiripi onse athera kutenti, ambulansi nayo yanyamula a kolera. Sindikunamizeni, sindikudziwa ibwera liti."

"Nanga si awa akufa?" ndinatero.

"Amene ali umo akufa msanga kuposa awa," anayankha, mawu ake ali pansi.

Sindinkadziwa kuti munthu angapse chonchi n'kukhalabe wachiwiri pamzere.

Namwinoyo anatsuka balalo, n'kuwabaya jakisoni. Ambulansi inabwera mawa lake masana, ikununkha kolorini. Amayi anakana kukwera mpaka dalaivala analumbira kuti waitsuka yekha. Tinakwera limodzi ndi bambo wa mkono uja, amene pofika nthawiyi anali atasiya kubuula, akungoyang'ana kumwamba.

Kuchipatala chachikulu anatigoneka m'khonde, chifukwa mabedi ambiri anali atapita kwa a kolera. Dokotala anati tikanachedwanso masiku awiri akanadula mwendo wonse. Anadula zala zitatu zakuphazi. Amayi anakhala masiku anayi osandiyankhula. Tsiku lachisanu anandituma kuti ndikawagulire nthochi.

Tinatuluka patatha mwezi ndi theka. Kolera sanadwale. Bondo lija silipindikanso, moti masiku ano amaswali atakhala pampando.